Sola ikugwira tsopano, koma palani waya musanalipire

Filiji ikugwira usiku wonse ndipo invita (makina osintha magetsi a m'mabatire kukhala a m'nyumba) yasiya kulira, ndiye ndilembe izi mkwiyo usanathe.

Zowerengetsa katundu wa m'nyumba sinditayapo nthawi. Simbi, ketulo ndi hotplate sizikwera pa sola ya munthu wamba, basi. Ine pa sola ndinangoikapo mababu, filiji, TV, kompyuta ndi kutchaja mafoni. Chofunika kusankha msanga ndi mavolti a mabatire: 12, 24 kapena 48. Invita ya mawati 3000 ikamagwira ndi mphamvu zake zonse imakoka maampu 250 pa mavolti 12, pa 24 imakoka 125, pa 48 imangopitirira 60 pang'ono. Maampu akachuluka waya amafunika wonenepa, ndipo waya wonenepa ndi ndalama. Ndinatenga 24: mabatire awiri a mavolti 12, a 200Ah, pulasi ya ina kupita ku mainasi ya inzake.

Nkhani yanga yagona pa waya ameneyu. Wochoka ku mabatire kupita ku invita tinagwirizana wa 35mm, ndipo ndinagula pa shopu ina m'tauni. Wokongola, wofiira ndi wakuda, kumapeto kukuwala ngati mkuwa weniweni. Titalumikiza zonse, masana bwinobwino. Kukada, filiji ikangoyamba anthu akuonera TV, invita phokoso, eti mabatire atha. Mabatire atsopano! Aliyense amene ndinamufunsa ankati andigulitsa mabatire akufa. Mukudziwa kulemera kwa batire ya 200Ah? Pafupifupi makilo 60. Kuitsitsa, kupeza galimoto ya hayala chifukwa wa kabaza sangayerekeze, kukafika kumene ndinagula, kudikira mnyamata woyeza amene "wangotuluka pang'ono" mpaka dzuwa kupendeka. Kuyeza, mabatire alibe vuto. Kulipiranso hayala yobwerera. Tsiku la ntchito linapita choncho.

Amene anapeza vuto ndi bambo wina wachikulire, mmisiri wa magetsi. Sanayankhule zambiri. Anayatsa zinthu zonse, n'kugwira waya uja ndi dzanja: wotentha. Anayeza pa batire, mavolti 25. Pa invita, kuchepera 23. Kenako anadula kachidutswa n'kupala tinthambo ta m'kati ndi mpeni. Kufiira konse kunachoka, kunatsala mbuu. "Bwana, uyu ndi aluminiyamu wongopaka mkuwa pamwamba." Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti ya mmene mkuwa umachitira, ndiye mphamvu inkathera m'njira, kusanduka kutentha. Nditabwerera ku shopu kuja anangondilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinagula waya kawiri. Inu, tengani mpeni popita kogula, palani waya pamaso pa wogulitsa. Akakana, tulukani.

Ndadumpha za padenga. Kuno tili kumwera kwa equator, choncho mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka pang'ono, madigiri 15 kapena kuyandikira pamenepo, kuti mvula izitsukanso fumbi. Musawagoneke pamalata penipeni. Siyani mpata mphepo izidutsa, chifukwa panelo ikatentha mphamvu imatsika. Ndipo yang'anani mthunzi wa 3 koloko masana, osati wa m'mawa wokha. Nthambi imodzi ya mango imatha kufooketsa mzere wonse.

Kalumikizidwe kake: mukalumikiza mu series (pulasi ya ina ku mainasi ya inzake) mavolti amaphatikizana, mu parallel (pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi) amaphatikizana ndi maampu. Mapanelo anga ndi anayi a mawati 550, iliyonse imapereka mavolti pafupifupi 50 isanalumikizidwe ku chilichonse. MPPT ya mu invita yanga, gawo lolandira magetsi a mapanelo n'kutchaja mabatire, malire ake ndi mavolti 145. Wina anandiuza kuti ndiike atatu mu series, koma 150 yadutsa kale malire, ndipo kukazizira mavolti a panelo amakwera. Ganizani m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu. Tinaika awiriawiri mu series, mizere iwiriyo n'kuiphatikiza mu parallel, ndi waya wa sola wa 6mm ndi zolumikizira za MC4. Zopotokola mawaya n'kukulunga selotepi padenga, ayi ndithu. Uyunso wa 6mm muoneni bwino: wa sola weniweni amakhala woyera kunja kwa tinthambo koma mukapala mumapeza mkuwa wofiira m'kati. Wachinyengo ndi mosemphanitsa. Palani.

Polumikiza, mabatire ayambe, mapanelo pambuyo. Pochotsa, mapanelo ayambe. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi pulasi ya batire, ndipo pakati pa mapanelo ndi invita muike breaker ya DC, mtundu wa magetsi ochokera ku mapanelo ndi mabatire. Ya AC yomwe ili m'bokosi la m'nyumba siyenera pamenepo, chifukwa moto wa DC ukathetheka suzima msanga. Mabatire anga ndi a lead, ndiye sindiwatsitsa kupitirira theka. A lithium amalola kutsika kwambiri ndipo amakhalitsa. Ndalama zikanalola ndikanatenga amenewo. Musaphatikizenso batire yakale ndi yatsopano, yakaleyo imakokera inzake pansi.

Ngati nyumba yanu ili kale pa magetsi a ESCOM, pamafunika changeover switch, swichi yosankha pakati pa ESCOM ndi sola, kuti magetsi a invita asabwerere mu mawaya a panja. Munthu amene wakwera pa pholo akukonza amakhala akudziwa kuti azimitsa, ndiye inu n'kumutumizira mavolti 230. Gawo limeneli, pamodzi ndi chitsulo cha earth chokhomera pansi cholumikiza mafelemu a mapanelo ndi invita, perekani kwa mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo chiphasocho muchione ndi maso anu. Bambo aja anawonjezera bokosi laling'ono la mizere ya sola yokha, kuti masoketi a kukhitchini asakhudzidwe n'komwe, poti alendo akabwera ketulo amangoyatsa osafunsa.