Lamulungu, 7 September 2025: Yetero wafika ku mphakati wathu

Misa ya m'mawa yachedwa kutha lero. Zolengeza zisanayambe, tinangoona galimoto ziwiri zikuima panja, ndipo mmodzi mwa anthu amene akupikisana pa mpando wa phungu m'dera lathu lino analowa ndi anyamata ake atatu. Anthu ena anasuntha kuti apeze malo kutsogolo. Anasiya envelopu ya thandizo la denga la tchalitchi, ena anaombera m'manja, ena anangoyang'ana pansi. Bambo mfumu anathokoza mwaulemu koma sanawapatse mpata wolankhula, ndipo ndinawayamikira mumtima. Chimene chinandivuta n'chakuti munthuyu zaka zonsezi sitinamuonepo pa maliro kapena pa chitukuko chilichonse kuno. Watulukira lero, chisankho cha pa 16 September chili pakhomo.

Masana tinakumana ku mphakati, kagulu kathu ka Akatolika oyandikana nyumba, pakhonde la mayi wina wamasiye amene inali nthawi yake yotilandira. Anatiyalira mikeka iwiri, natibweretsera thobwa m'chigubu. Mawu amene a wapampando anasankha anali a pa Eksodo 18, pamene Yetero anapeza mkamwini wake Mose akuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anamulangiza kuti asankhe anthu omuthandiza, ndipo anatchula zoyenera kuyang'ana: akhale anthu otha ntchito, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi chiphuphu. Tinawerenga kawiri. Mnyamata amene amawerengayo anaima n'kunena kuti, “Apa sanalembe kuti akhale wa kwanu.” Anthu anaseka, koma zokambirana zinayambira pomwepo.

Mayi wina wa m'kwaya anati iye nkhani yake ndi yachidule, adzavotera munthu wopemphera, basi. Ndimawadziwa mayiwa, ndi munthu woona mtima, ndipo zimene ananenazi ndi zimene ambiri timaganiza. Koma ine ndinawafunsa kuti, “Mayi, mwa anthu 17 amene akufuna upulezidenti, ndani amene sanaonekepo pa guwa kapena pa mapemphero miyezi imeneyi?” Nyengo ya kampeni aliyense amadziwa vesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale Samueli, mneneri wamkulu uja, anakopeka ndi msinkhu wa Eliyabu mpaka Mulungu anamukumbutsa kuti munthu amaona zakunja koma Iye amaona mtima. Ife mtima sitingauone. Chimene Yesu anatisiyira pa Mateyu 7 ndi zipatso, ndipo zipatso za munthu wandale zimaoneka: mankhwala m'chipatala, ndalama za chitukuko cha m'dera kuti zinapita kuti, anthu amene amadya nawo mbale imodzi, ndi chimene amachita m'bale wake akagwidwa akuba za boma.

Apa ndi pamene agogo aamuna, amene nthawi zambiri amangokhala chete atagwira ndodo yawo, anapempha kulankhula. Anatikumbutsa za 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Anati iwo anali m'tchalitchi tsiku limenelo, ndipo anthu ankayang'anana mwamantha pomva za malipiro ochepa, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za kusowa ufulu wolankhula. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa. Agogowo anati yawo anaibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Kenaka panabwera riferendamu ya pa 14 June 1993, nyali kuimira zipani zambiri ndi tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri.

“Adzukulu,” anatero, “maepiskopi aja sanatiuze dzina la munthu woti timuvotere. Anatiuza kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndiye asaponderezedwe. Zinazo tinamaliza tokha.”

Mawu amenewa akhala nane tsiku lonse. Mu 1994 Akhristu ambirimbiri anavotera Bakili Muluzi, Msilamu. Pamene anthu ake ankafuna kusintha malamulo kuti apitirire kupyola matemu awiri, mu 2002 ndi 2003, mipingo ndi bungwe la Public Affairs Committee (PAC), momwe muli Akhristu ndi Asilamu pamodzi, anaima n'kukana. Mu 2020 dziko linasankha m'busa, Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20, ndipo maepiskopi sanasiye kulemba makalata odzudzula chifukwa choti pampando pali mtumiki mnzawo. Ya mu February 2024 inali yowawa ndithu. Kwa ine izi zikusonyeza kuti muyeso wa Mkhristu uyenera kukhala umodzi kwa onse, wa mpingo wako ndi wa chipembedzo china, wa kwanu ndi wa chigawo china. Pa Yesaya 45 Mulungu anatcha Koresi, mfumu ya ku Perisiya yosamudziwa n'komwe, kuti wodzozedwa wake, chifukwa cha ntchito imene anali kudzaigwira.

Gawo lovuta linabwera kumapeto. Mayi mwini khomo, amene anali asanalankhule, ananena motsitsa mawu kuti sabata yatha analandira nsalu ndi ndalama pang'ono pa msonkhano wa chipani. “Ndinagulira ana ufa. Kodi ndachimwa?” Pakhonde panati zii. Wina anayamba kunena za Esau amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, koma a wapampando anamuletsa ndi dzanja, ndipo anachita bwino. Mayiwa akulera ana amasiye atatu, mtengo wa chimanga ndi shuga tonse tikuudziwa mmene wakwerera chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Sindingathe kuwaloza chala. Mlandu waukulu uli pa iye amene amaona njala ya mayi wamasiye n'kuiyesa msika. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, ndipo Deuteronomo 16 inanena kalekale kuti chiphuphu chimachititsa khungu maso a anzeru. Tinawauza mayiwa kuti nsaluyo si pangano, palibe lumbiro limene anachita pamaso pa Mulungu, ndipo m'chipinda chovotera adzakhala okha. Koma ndinaonjezera kuti munthu amene wayamba kuphwanya lamulo asanapambane watiuza kale mmene adzagwirire ntchito akapambana. Pa zinthu zinayi za Yetero zija, chachinayi wagwa nacho poyera.

Ndipo ife a mphakati tinadzifunsa kuti bwanji mayiyu anafika podikira ufa wa andale ife tilipo. Tinagwirizana kuti aliyense abweretse mbale ya ufa Lachinayi.

Madzulo ano, magetsi atazima, ndinakhala ndi kope n'kulemba maina a amene akupikisana m'dera lathu. Ndaona kuti tonse timakangana za pulezidenti, pamene mapepala ovotera adzakhala atatu. Khansala ndiye amene adzakhale pafupi ndi mjigo wathu wowonongeka ndi mlatho wa ana a sukulu, koma ambiri pa mphakati paja sitinathe kutchula ngakhale awiri mwa opikisanawo. Pansi pa dzina lililonse ndalemba mafunso anayi a Yetero, ndipo mizere yambiri ikadali yopanda kanthu. Ndapemphera kuti Mulungu andichotsere mkwiyo wa mizere ya mafuta ndi kukondera kwa mtundu, kuti ndione bwino. Ndawapemphereranso onsewo mmodzimmodzi, monga Paulo anauzira Timoteo, ngakhale amene ndikudziwa kale kuti voti yanga sadzaiona.

Loweruka kuli msonkhano pa bwalo la sukulu pomwe ofuna ukhansala adzayankhe mafunso a anthu. Ndawaimbira mayi a m'kwaya aja kuti tipitire limodzi, ndipo avomera. Funso langa ndi la mjigo: ndalama zimene tinasonkha chaka chatha zili kuti, ndipo iwo adzatani kuti zisadzasowenso.