Sabata yodula nsalu ndi chowotcherera mawaya

Oda ya sabata ino inali ya zithunzi 6 zopachika pakhoma, chilichonse masentimita 30 m'lifupi ndi 40 m'litali, zoonetsa nsomba za mbuna, zopita kumalo ena ogona alendo kunyanja. Mamba, zipsepse ndi mizere ya pathupi pa nsomba sizidulika bwino ndi sizasi pa nsalu yopyapyala ngati organza, chifukwa imasosoka m'mbali. Choncho timagwiritsa ntchito soldering iron, kachitsulo komwe okonza mafoni amawotcherera mawaya. Kamasungunula nsalu m'malo moicheka, ndipo m'mphepete mumatsekeka pomwepo. Lusoli analitchukitsa kwambiri ndi Margaret Beal, katswiri wa luso lokongoletsa nsalu wa ku England.

Lolemba lonse linathera pa kuyesa nsalu, ndipo tsiku limeneli ndi lomwe limalamula sabata yonse. Chowotcherera chimadula nsalu zosungunuka zokha: nailoni, poliyesita ndi felt (nsalu yokhuthala yopangidwa popanikiza ulusi, osati poluka) ya acrylic, ulusi wa pulasitiki. Thonje, silika ndi ubweya sizisungunuka, zimangopserera n'kusiya chipsera chabulauni. Organza yathu yambiri imachokera pa kaunjika, ku makatani, masikafu ndi madiresi a ukwati, ndipo kapepala ka pa chovala nthawi zambiri kamakhala katachoka. Ndiye timadula kachidutswa n'kukayandikiza ku moto wa machesi. Kakafwanyata n'kusiya kampira kolimba, kalowa ntchito. Kakayaka n'kununkha ngati pepala, kusiya phulusa lofewa, ndi thonje. Zitenje zimapusitsa: zina zotsika mtengo ndi poliyesita ndipo zimadulika, koma zosakaniza thonje zimaduka mwatheka, ulusi wa thonje n'kutsala uli lende.

Lachiwiri tinayala zigawo. Pansi felt yakuda, pamwamba organza zitatu: yabuluu wakuda, yabuluu woyera ndi yachikasu. Zikapitirira zinayi, mzere umatuluka wokhuthala ndi wolimba, wokanda chala. Maonekedwe a nsomba tinawasoka pamashini ndi ulusi wa thonje. Apa osalakwitsa. Ulusi wa poliyesita, womwe wadzaza m'mashopu a matelala, umasungunuka nsonga ya chowotcherera ikangoukhudza ndipo msoko wonse umamasuka, pomwe wa thonje umakhala ngati mpanda woti nsonga itsatire.

Lachitatu ndi Lachinayi ndiye kudula kwenikweni. Chowotcherera chathu ndi cha mawati 18, cha nsonga yosongoka bwino. Za mawati 40 kapena 60 zogulitsidwa m'mahadiweya zimatentha mopitirira, ndipo nsonga zake n'zonenepa, moti mzere umatuluka waukulu, wamakala m'mbali. Poliyesita amasungunuka pa madigiri pafupifupi 255, nailoni wina pa 220, ndiye moto wambiri ulibe phindu. Wogula pa intaneti aone kaye kuti chalembedwa mavolti 230, chifukwa cha 110 cha ku America chimapsa mukachilumikiza kuno.

Pansi pa nsalu timaika galasi lokhuthala kapena tailosi yosalala, osati thabwa. Rula ikhale yachitsulo, ndipo zala zikhale kutali ndi m'mphepete mwake chifukwa nayo imatentha. Chogonekapo chowotcherera ndi mphika wa maluwa wadothi wovundikira, nsonga n'kulowa pa kabowo ka pansi pake.

Kagwiridwe ndi komwe kamasiyanitsa kudula ndi kulemba. Mukachiimika chilili ngati cholembera n'kuyenda pang'onopang'ono, nsonga imapyola mpaka pagalasi, nsalu n'kuduka. Mukachipendeketsa, osakanikiza, n'kuyenda mofulumirirapo, chimangosiya mzere womata organza ku felt. Mamba tinawalemba motero, timizere topindika ta mamilimita pafupifupi 5, kuyambira kumchira kupita kumutu. Pofuna kuti mtundu wa chigawo chotsatira uonekere, tinadutsa m'mbali mwa msoko mopepuka kuti tidule chigawo cha pamwamba chokha, n'kuchinyamula ndi kapani. Dzanja likaima ngakhale sekondi imodzi, pabooka. Poyambira mzere ndi pokhotera ndi pomwe mabowo amachuluka, ndiye nsonga iziyamba kuyenda isanafike pansalu ndipo izinyamuka ikadali kuyenda.

Nsonga imadetsedwa msanga ndi zosungunuka. Ikada, imakoka timaulusi tomata n'kupaka madontho akuda pa nsalu yoyera, ndipo madonthowo sachapika. Tili ndi kachitini kodzaza steel wool yokwechera mapoto, yosanyowa komanso yopanda sopo, momwe timazunguliramo nsonga tikatha mizere iwiri kapena itatu. Nsonga yomwe inawotchererapo mawaya isayandikire nsalu, mtovu wake umasiya zipsera. Chidutswa chikamatirira pagalasi, dikirani chizizire masekondi angapo kenako lowetsani lezala pansi pake, chifukwa kukoka chili chotentha kumapotoza m'mphepete.

Magetsi atazima Lachinayi masana, tinabwerera ku ntchito ya singano ndi mikanda ya m'maso mwa nsomba. Akabwera, chowotcherera chimafuna mphindi ngati 5 kuti chitenthe bwino. Chofunda chabe chimakwinya nsalu osaidula, choncho yesani kaye pa chotsalira.

Utsi wake si wocheza nawo, makamaka wa acrylic. Tebulo lili pawindo, ndipo fani imakankhira utsi kunja, osati kuuzira pa nsalu, poti mphepo imaziziritsa nsonga. Kansalu kotchinga pakamwa kamaletsa fumbi koma mpweya woipawu umadutsa. Zikopa zabodza za PVC sitiziwotcha n'komwe, zimatulutsa mpweya wa asidi wopweteka m'maso ndi m'chifuwa.

Lachisanu tinadula m'mbali mwa zithunzi motsatira rula, kupyola zigawo zonse kamodzi kuti zimatane, n'kupala totupa ta m'mphepete ndi lezala. Loweruka tinazisokera pa kanivasi ndi ulusi m'malo momata ndi guluu, amene amaonekera kudzera mu organza. Kuseri kwa chilichonse tinaikako kapepala ka mwini malo: osasita ndi simbi yamoto, osapachika pafupi ndi nyali, fumbi muzichotsa ndi kabulashi kofewa.