Ekizozi yanga yawalanso

Abale dzulo ndinalimbana ndi ekizozi ya galimoto yanga, inali itachita dzimbiri mpaka kufiira ngati katondo, ndinkachita nayo manyazi zedi. Ndinadikira kaye izizire, osamaigwira ikadali yotentha mupsa manja. Nditatsuka mwaye ndi madzi a sopo ndinakulunga kansalu konyowa ndi vinega kumapeto kwa paipi kwa maola angapo, dzimbiri lija linafewa lokha, ndiye kukwecha ndi sitilu waya, kenako sandipepa wosalala, kapolishi pang'ono basi mpaka kumadziona nkhope. Komatu dzimbiri lambiri limayambira mkati, nthunzi ija imasanduka madzi nkutsalira momwemo mukamangoyenda timaulendo tatifupi ekizozi isanatenthe bwino. Ikakhala yabooka kale polishi sangathandize, pitani nayo akaiwotcherere.