Mmene ndinapezera chilolezo chopopa madzi mumtsinje wa Chongwe

Ndimakhala mu Lusaka, koma munda umene bambo anandisiyira uli m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, m'dera la Mfumu Nkomeshya. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chitapsereza chimanga changa, ndinaganiza zogula pampu kuti ndiyambe ulimi wothirira tomato ndi kabichi. Ndinkayesa kuti popeza mtsinje ukudutsa pamunda panga, madziwo ndi anga.

Amene anandiwongola ndi mlimi mnzanga wachikulire wa kumunsi kwa mtsinje. Anati, "Achimwene, mukapopa popanda pepala, tsiku lina mudzakangana ndi ife akumunsi, ndipo simudzakhala ndi poimira." Lamulo la madzi la 2011 limanena kuti madzi onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo bungwe la boma loyang'anira madzi, la WARMA, ndilo limawagawa. Kutunga madzi akumwa, ophikira ndi ochapira sikufuna chilolezo, koma kupopa madzi a ulimi wamalonda kumafuna.

Ku ofesi ya bungweli anandipatsa fomu ndi kundiuza zoti ndibweretse. Za chiphaso changa sizinavute. Umboni wa malo unanditengera milungu iwiri, chifukwa munda wathu ndi wa makolo, ulibe taitolo, choncho ndinayamba kwa a nduna a m'mudzi kuti andilembere kalata yondiperekeza kwa mfumu. Manambala osonyeza pamene pampu idzakhale ndinawatenga ndi foni, nditaimirira pagombe penipenipo.

Funso limene linandiimitsa ndi lakuti ndidzapopa madzi ochuluka bwanji patsiku. Ulendo woyamba ndinalemba kuti "okwanira hekitala imodzi", ndipo mayi amene ankalandira mafomu anandibwezera mwaulemu nati, "Bambo, mtsinje sitiugawa m'mahekitala, timaugawa m'makyubiki mita." Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ndinabwerera kumunda, ndinabwereka pampu yofanana ndi imene ndinkafuna kugula, ndipo ndinayesa ndi wotchi nthawi imene imatenga kudzaza dramu. Kenako mlangizi wa zaulimi anandiphunzitsa kuti kuthira madzi akuya milimita imodzi pa hekitala kumadya makyubiki mita 10, ndiponso kuti m'mwezi wa Okutobala tomato amafuna mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Ndinalemba 60. Kunena zoona, mtima unkandiuza kuti ndiwonjezerepo, koma ndalama zolipira zimatsata kuchuluka kwa madzi amene wapempha, kotero dyera likanandidya ndekha.

Ndili pabenchi yodikirira ndinayang'anitsitsa mapu a pakhoma, ndipo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake nambalayo amaiumirira. Dziko analigawa m'zigawo zisanu ndi chimodzi motsata mitsinje: Zambezi, Kafue, Luangwa, Chambeshi, Luapula ndi Tanganyika. Chongwe amathira mu Zambezi kumunsi kwa damu la Kariba, limene limayang'aniridwa ndi Zambezi River Authority m'malo mwa Zambia ndi Zimbabwe, pamene ena mwa madzi a m'mipopi ya mu Lusaka amachokera ku Kafue, mtsinje womwewo umene kampani ya magetsi ya ZESCO imausunga pa damu la Itezhi-Tezhi kuti ipange magetsi ku Kafue Gorge. Pamtsinje uliwonse amawonkhetsa zimene alimi, matauni ndi makampani apempha, n'kusiyako ena oti mtsinjewo uziyendabe. Chongwe ndi waung'ono, ndipo anthu a m'tauni ya Chongwe amamwa womwewo, umene zaka zina umaphwa mvula isanagwe.

Nditalipira, pempho langa linalengezedwa kuti wodandaula aliyense anene. Palibe amene anadandaula, mwina chifukwa ndinali nditayendera kale anzanga akumunsi mmodzimmodzi. Akatswiri awiri anabwera kudzaona malo, anayeza mmene madzi akuyendera, ndipo anandilangiza kuti mizere yanga ndiitalikitse ndi gombe, ndisadulenso bango ndi mikuyu ya m'mphepete.

Chilolezo chitatuluka ndinapeza kuti chili ndi malire a madzi, tsiku lothera, ndi mawu akuti pa nthawi ya chilala gawo langa likhoza kuchepetsedwa. Ndinamangirira mita papaipi yochokera kupampu, ndipo Loweruka lililonse ndimalemba manambala ake m'kabuku kamene ndimasunga m'chikwama chimodzi ndi chilolezocho.