Zikomo gulu la Lachitatu, zikomo Amayi

Dzulo ndinadzozedwa ubusa. Manja andisanjika, kolala ndavala, mawu ndi osasabe. Masiku atatu tulo sindinatione bwino, koma ndati ndisagone ndisanathokoze. Za chaka choyesedwa ndisanadzozedwechi mukuzidziwa kale, sindizibwereza. Ambuye alemekezeke, basi.

Ndiyambe ndi inu azibusa anzanga achizimayi a gulu la Lachitatu, wina ku Mulanje, wina ku Mwanza, ena ku Zomba kuno. Bandulo yanu inkathera pa maulaliki osapsa a anzanu, simunadandaule. Koma nonse mukudziwa kuti gululi analiumba ndi Amayi, amene amatiphunzitsa kulalikira. Dzina sinditchula, anakaniratu. Ena mwakhala mukufunsa ku inbox kuti Lachitatu timachita chiyani kwenikweni. Ndilemba pano, chifukwa njira ina yowathokozera Amayi sindikuiona.

Lolemba, ndime ya Lamulungu likubweralo imawerengedwa mokweza katatu, m'Buku Lopatulika komanso m'Buku Loyera. Amayi amati agogo a m'mudzi analoweza mawu a Lopatulika, lija la 1922, pomwe achinyamata amamva msanga Chichewa cha Loyera la 1998. Pomwe mabuku awiriwa asiyana mawu, chongani, nthawi zambiri ulaliki umabisala pamenepo. Mabuku omasulira Baibulo satsegulidwa tsiku limeneli. Ukawatsegula msanga umalalikira maganizo a mwini bukulo, ndipo anthu amamva kuti chakudyachi chaphikidwa kwina.

Lachiwiri, chiganizo chimodzi. Chimodzi chokha, choti mayi wa Mvano akafika kunyumba athe kuuza mwamuna wake yemwe sanapite kutchalitchi. Chikakhala ndi "komanso" kawiri, ndiye kuti muli maulaliki atatu, sankhani umodzi, enawo musungire mwezi wamawa. Apa ndi pomwe ambiri ochokera kumene ku koleji timagwera. Timafuna kuthira zonse za m'kalasi mu mphindi makumi awiri, mpaka mawu a Chigiriki, kuti akulu a mpingo aone kuti tinaphunzira. Anthu amangoyang'ana pawindo.

Lachitatu lisanafike madzulo, aliyense amajambula pafoni mphindi zisanu zoyambirira ndi mphindi ziwiri zomaliza, ataimirira, osati atakhala pabedi, n'kutumiza pa WhatsApp. Ndiye lamulo la Amayi lija: mawu oti "mwalalikira bwino" ndi oletsedwa. Mafunso ndi atatu. Wamva chiyani? Unasochera pati? Mu ulalikiwu, Khristu wachita chiyani? Funso lachitatuli limapweteka. Ulaliki umatha kukhala wodzaza ndi "muzipereka", "muzikhululuka", "musiye miseche", koma wopanda uthenga wabwino ngakhale pang'ono, malamulo okhaokha. Wolalikirayo sayankha mpaka onse atamaliza. Akadziteteza msanga, anzake amayamba kumunyengerera, gulu lafa.

Amayi, za mawu munatithandiza kuposa wina aliyense. Mlaliki wamkazi akaona kuti akumbuyo sakumva, amakweza mawu n'kuwaonda, pakhosi n'kuuma, pofika Mgonero mawu atha. Munati mpweya uzichokera m'mimba, mapewa asakwere, ndipo ziganizo zizikhala zazifupi kuti mpweya ufike kumapeto. Munati tisatengere kabangulidwe ka azibambo, kholingo si limodzi. Madzi ofunda musanakwere paguwa, osati ozizira. Maikolofoni ikhale chibakera chimodzi kuchokera pakamwa, ndipo osaima kutsogolo kwa sipika, ndi pomwe imalira mluzu uja. Magetsi akazima, osaima kudikira jenereta, tsikani masitepe, yandikirani anthu, pitirizani. Ndi chifukwa chake mitu ya ulaliki imalembedwa pakapepala kamodzi kolowa m'Baibulo, osati masamba asanu ndi limodzi kapena pafoni yomwe ingathe moto.

Pamaliro ndiye munatsindika kwambiri. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, zakwana. Adzukulu akumba kuyambira mbandakucha, anthu ali padzuwa, ofedwa sanagone. Imani mphepo ili kumsana kuti itengere mawu kwa anthu. Fikani msanga, mukhale kaye m'nyumba ya siwa ndi azimayi, mulonjere amfumu ndi eni mbumba, mufunse dzina lomwe malemu ankadziwika nalo. Osamuweruza malemu, osamulowetsanso kumwamba ndi pakamwa panu. Osakhudza zomwe anthu akunong'onezana za chomwe chamupha, chiganizo chimodzi chosasamala chimayatsa moto pabanja zaka zambiri. Ndipo nkhani yomwe munthu anakuuzani muofesi akulira isadzakhale chitsanzo paguwa, ngakhale mutasintha dzina. M'mudzi aliyense amadziwa mbuzi ya mnzake.

China chomwe sindidzaiwala ndi cha 1 Timoteo 2:12 ndi 1 Akorinto 14:34, mavesi aja oti akazi akhale chete mu mpingo. Palibe mwa ife amene sanaponyeredwepo mavesi amenewa, kusesheni (msonkhano wa akulu a mpingo) kapena pakhomo la tchalitchi. Amayi anati tiwaphunzire bwinobwino, pamodzi ndi Hulida wa pa 2 Mafumu 22, Febe wa pa Aroma 16, Priskila wa pa Machitidwe 18, ndi Mariya wa Magadala yemwe anatumidwa ndi uthenga wa kuuka pa Yohane 20. Wofunsa moona mtima mumuyankhe mutakhala pansi, Baibulo lili potsegula. Koma guwa si bwalo la milandu yanu. Mukamadziteteza sabata ndi sabata, nkhosa zimabwerera ndi njala. Amayi akudziwa chomwe akunena. Mu CCAP azimayi ayamba kudzozedwa cha m'ma 2000 momwemu, ndipo a m'badwo wawo analibe gulu la Lachitatu loti alirireko.

Kwa amene mumanenabe kuti "amayi busa" kenaka n'kufunsa kuti abusa eniake afika liti, takumvani, tinakukhululukirani kale. Kwa amene munalonjeza kubwera kudzamva ulaliki ngakhale umodzi chaka chonsechi koma galimoto inkangowonongeka Loweruka lililonse, zithunzi za dzulo mwaoneka bwino kwambiri, pamzere wakutsogolo.

Amayi a Mvano amene munaphika, akwaya, mkulu wa mpingo uja wopalasa njinga kuperekeza abusa kunthambi zakutali nthawi ya mvula, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Amayi anga ondibereka, tikalankhulana kunyumba, pano ndingalire.

Ndibwererenso kwa Amayi. Dzulo munakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndi kope lanu lija. Anthu akuimba, akululutira, inu mukulemba. Ambuye, asungeni mayiwa, muwapatse mphamvu m'mawondo ndi masiku ochuluka.

Azibusa anzanga, sabata ino ndi Luka 13, mayi wopindika msana uja. Amayi atumiza kale uthenga kuti dzulo pothokoza ndinathamanga ndipo mawu omaliza ndinawameza. Chiganizo changa chimodzi nditumiza Lachiwiri.