Zikomo nonse amene munawabwezera amayi chaka cha 1975

Loweruka lapitali amayi athu anakwanitsa zaka 70, ndipo zimene munachita anthu a ku Dwangwa kuno, pamodzi ndi abale ochokera ku boma ku Nkhotakota, zatisowetsa pogwira. Ndiwombe m'manja kaye.

Ambiri mukudziwa kuti madzi osefukira a mu February 2024 anagwetsa nyumba ya amayi. Nyumbayo tinamanganso pang'onopang'ono. Koma chimene chinkawaliza usiku sichinali malata kapena mbuzi ayi. Inali sutikesi yachitsulo imene munali zithunzi za utsikana wawo, kuphatikizapo chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo athu ali mnyamata.

Ine ndinkafuna phwando longa la m'tauni: tenti, keke yosanja, aliyense zoyera ndi zagolide. Mng'ono wanga ndiye anandidula pakamwa, amvekere, "Zithunzi zinapita ndi madzi, nanga bwanji tiwabwezere chaka chenichenicho?" Tinasankha 1975, pamene amayi anali namwali wa zaka 20. Uthenga wa pa WhatsApp unali waufupi: bwerani monga mukanabwerera mu 1975. Tinautumiza kutatsala mwezi wathunthu kuti anthu afufuze bwino m'mabokosi a azigogo awo.

Ndipo munafufuzadi! Amayi a kumpingo, zikomo chifukwa cha zilundu ndi maduku aja. Atsikana ena anadandaula kuti tawaletsa mathalauza, osadziwa kuti lamulo la zovala la 1973 linkaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka linachotsedwa mu 1993. Azakhali anaima pachipata ngati apolisi, kubweza aliyense wa jinzi kuti akamange chitenje. Mdzukulu wina anabwezedwa kawiri, anthu kuseka mpaka misozi.

Amalume, wailesi yanu ya Nzeru inaba phwando. Siilira, koma amayi atangoiona anaigwira ngati mwana, n'kuyamba kufotokozera adzukulu mmene mudzi wonse unkasonkhanira kumvera MBC, nthawi imene kunalibe kanema. Alamu anabweretsa makobidi akale a tambala m'kachitini, ana n'kumadabwa kumva kuti kwacha anabwera mu 1971, ndipo agogo awo anakula akuwerenga mapaundi ndi masheleni.

Za chakudya ndinene mosabisa: ndinkaopa kuti alendo atinyoza. Tinaphika kondoole, usipa wofutsa, chigwada chotendera, mpunga wa konkuno, ndi thobwa lomwera m'zipanda. Mbale zonse zinali zachitsulo zobwereka nyumba ndi nyumba, zina zogomphoka m'mbali, ndipo kugomphokako ndiye kunakometsa. Palibe chimene chinatsala, ngakhale mkute. Ashehe, zikomo pobwera m'mamawa kudzachinja mbuzi kuti Asilamu ndi Akhristu tidyere mphika umodzi. Ndalama imene tikanalipira wokongoletsa malo ndi imene inagula mbuziyo, ndipo ndikuona kuti tinachita bwino.

Mnyamata wa zimbale amene tinamupatsa kale theka la ndalama sanabwere, foni yake yozima mpaka lero. Mtima unandiwawa, koma amayi a gule wa chioda anangomanga nsalu m'chiuno, ng'oma n'kuyamba. Dzuwa litalowa tinayatsa nyali za koloboyi. Amayi, amene amayenda ndi ndodo chiyambire vuto la bondo, anaiponya ndodoyo pansi n'kulowa m'bwalo. Ine ndinathawira kuseri kwa khitchini kukalira.

Kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa agogo ena a ku Chia, mnzawo wa amayi wa pa ubwana, amene tinawatumizira uthenga mongoyesa. Anafika ndi minibasi masana, atafumbata kamvulopu. M'katimo munali chithunzi cha ukwati wa agogowo, chakuda ndi choyera, chodyeka ngodya imodzi. Kumbuyo kwa mkwati kwaima anyamata atatu, ndipo wapakati, wowonda, wa tayi yopindika, ndi bambo athu.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati, "Tayi imeneyi anabwereka."

Chithunzicho tachijambulitsa makope asanu ndi limodzi, ndipo chenichenicho tikabweza ku Chia Lachitatu. Amene simunalandire mbale zanu, zili kwa azakhali. Pali ziwiri zamaluwa ofiira zimene mwini wake sitikumudziwa.