Mwana atafooka miyendo mwadzidzidzi, mmene tinayendera kuchipatala

Mphwanga wa zaka 9 anatsegula mmimba nkuchira bwinobwino, patapita timasabata anayamba zoti mapazi akuchita dzanzi, kenako sitepe ya pakhonde yomweyi kumukanika kukwera. Kufookako kumachita kukwera, kuyambira kumapazi mpaka mmaondo, miyendo yonse iwiri. Kuchipatala anadzati ndi matenda a mitsempha otchedwa Guillain-Barré.

Tinayambira ku health centre kwathu ku Area 25, anamuyeza malungo sanapezeke, nkutilembera mu buku lake lakuchipatala kuti tipite kuchipatala chachikulu. Bukulo osaliiwala chonde, komanso gadiyani atengeretu chitenje, beseni ndi mbale chifukwa kumeneko nkogonera.

Titafika kuchipatala chachikuluko, choyamba anatenga chimbudzi chake kawiri, masiku osiyana. Mwana aliyense osakwana zaka 15 akafooka chonchi amamuyeza poliyo, paja mu 2022 inapezeka mwa mwana konkuno ku Lilongwe. Anamuyezanso HIV.

Pomwe panavuta mpomupopa madzi a pamsana kuti akawayeze. Azakhali anakaniratu, amvekere ukangolola jakisoni wa pamsana basi wapita, nkhani mukuidziwa inunso. Koma anthu ambiri amene amamwalira atawapopa amakhala anafika matenda atakula kale, ndiye ife tinasaina. Anamugoneka chammbali atapinda maondo kufika pachifuwa, anesi atamugwira mapewa, timadzi toyera mbee nkumadonthera mu kabotolo. Zotsatira zinaonetsa puloteni wokwera koma ma cell ochepa, dokotala anati zikugwirizana ndi Guillain-Barré.

Mmene anatifotokozera, chitetezo cha mthupi chimene chimalimbana ndi kachilombo kotsegula mmimba kaja chimasokonezeka nkuyamba kuwononga chikuto cha mitsempha, uthenga wochoka ku ubongo osafikanso bwino ku minofu. Mankhwala ake ndi IVIG, chitetezo chotengedwa mmagazi a anthu ena, amaika pa dilipi masiku 5, kapena kusefa magazi pa makina. Zonsezi nzodula koopsa. Ma steroid ngati prednisolone pa matenda awa sathandiza, ndiye musathamangire ku famase poti wina wakuuzani kuti amachotsa kutupa.

Chimene madokotala amaopa kwambiri nkupuma, kufooka kukafika pachifuwa mwana amafunika makina ku ICU. Anatiuza kuti tizimuwerengetsa manambala pa mpweya umodzi, akayamba kulekezera pafupi kapena kutsamwa phala tiitane nesi pompopompo. Kwa iye kufookako kunaima kusanafike pachifuwa.

Zotsala ndi mafizo, kumutembenuza pafupipafupi kuopa zilonda, nkumaongola mapaziwo kuti asaume. Anatuluka ali pa wilitcheya, pano akuyenda chogwirira khoma, ndipo ku mafizo timapitabe pa tsiku lomwe anatilembera mu buku.